Momwe mungasamutsire laputopu kuchoka pa Windows 10 kupita pa Ubuntu osataya mafayilo

Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 10. Laputopu yanu ikuyakabe ngati kale, koma mabowo atsopano omwe akuba a pa intaneti akupeza sakutsekedwanso, pokhapokha mutalembetsa ESU, dongosolo la Microsoft lowonjezera nthawi ya zigambazi, lomwe mu 2025 inalengeza kuti kwa anthu wamba litha mu October 2026. Ambirife timagwiritsa ntchito malaputopu ogulidwa atagwira kale ntchito kunja, ma ThinkPad, EliteBook ndi Latitude, ndipo ochuluka a iwo Windows 11 imawakana. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel yoyambira m'badwo wa 8, kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Tsitsani pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check ikuuzeni pomwe mwaima. Yanga ndi ThinkPad T460 ya Core i5 ya m'badwo wa 6. Inakanidwa, chonsecho ntchito yanga yolemba mapulogalamu imaigwira bwinobwino, ndiye ndinaisamutsira pa Ubuntu 24.04 LTS, mtundu wa Linux woyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yomwe inatuluka mu April 2024 ndipo izilandira zigamba mpaka 2029.

Alipo anyamata m'tauni amene amakuikirani Windows 11 molambalala malamulo a TPM aja. Zimatheka ndithu, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otero azilandira zigamba nthawi zonse, ndipo simudziwa zina zomwe zabwera ndi kope lawolo. Makina omwe muli makiyi a maseva a makasitomala sindingawapereke kuti aikidwe zimenezo.

Yambani ndi kutsitsa fayilo ya ISO, yomwe ndi fayilo yoikira Ubuntu 24.04, pa ubuntu.com. Ndi yaikulu pafupifupi 6 GB, choncho musayambe ndi bandulo ya masana. Gulani ya usiku, kapena pemphani kuofesi komwe kuli intaneti yosawerengera, kapenanso funsani mnzanu amene anatsitsa kale akukopereni. Kulikonse komwe mwaitenga, tsegulani Command Prompt mulembe certutil -hashfile, kenako dzina la fayilo, kenako SHA256. Nambala yaitali yomwe ituluke ifanane ndi yomwe ili mu fayilo ya SHA256SUMS pa tsamba la Ubuntu. Netiweki ikadukaduka pakati pa usiku fayilo imatha kuoneka yathunthu pomwe ili yolumala.

Tsopano kusunga mafayilo. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ndinapsa.

Ndinaitanidwa kukayankhula pa msonkhano wa olemba mapulogalamu ku Blantyre tsiku Loweruka. Lachitatu ndinaganiza zosamutsa laputopu kuti ndikaonetse zitsanzo zanga pa Linux. Ndinatsikira m'tauni muno mu Lilongwe n'kugula fulashi yolembedwa 128 GB pa kabenchi kena, pamtengo womwe m'sitolo mungagulire ya 16 GB. Paketi yake inali yooneka bwino, dzina la kampani yodziwika lili pompo. Nditailowetsa, Windows inaonetsa malo onse 128 GB aja. Ndinakopera zinthu zokwana 40 GB, kukopera kunatha popanda dandaulo lililonse, ndinatsegula fulashi n'kuona mafoda onse ndi mayina a mafayilo ali m'malo mwake. Ndinafufuta disiki yonse ya laputopu mtima uli m'malo.

Lachinayi m'mawa, Ubuntu itayaka, ndinabwezera mafayilo. Foda yoyamba inatseguka. Yachiwiri inatseguka theka. Kuyambira pamenepo zithunzi zinali zakuda, ma PDF ankakana, ndipo masilaidi a nkhani yanga, omwe ndinawakonza milungu itatu, sanatsegukenso. Ndinataya zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zomwe zinalibe kope lina, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Masilaidi ndinawalembanso Lachisanu usiku, n'kumalizira m'basi.

Chomwe chimachitika n'chakuti mkati mwa fulashi muli kachipangizo komwe kamauza kompyuta kukula kwake. Achinyengo amatenga fulashi ya 8 GB n'kusintha kachipangizoko kuti kazinena kuti ndi 128 GB. Mndandanda wa mayina a mafayilo umalembedwa kumayambiriro, komwe kuli malo enieni, n'chifukwa chake mayina onse amaoneka. Koma malo enieniwo akadzaza, zotsalazo zimangotayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zomwe zinalowa kale, ndipo kompyuta siidziwa kanthu. Kuyang'ana ndi maso sikungakuuzeni.

Ndiye fulashi kapena memory card iliyonse yatsopano, musanaikemo kanthu, iyeseni ndi H2testw. Ndi kapulogalamu kakang'ono kaulere ka pa Windows. Sankhani Chingerezi chifukwa kamayamba m'Chijeremani, lozani fulashi yopanda kanthu, dinani Write + Verify. Kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zomwe kalemba. Zimatenga maola angapo, choncho yambitsani madzulo laputopu ili pa chaja. Pa Linux ntchito yomweyi imagwiridwa ndi f3write ndi f3read. Yanga ija nditaiyesa pambuyo pake inapezeka kuti malo abwino sankafika ngakhale 8 GB. Ndinabwerera pa kabenchi paja, mwini wake n'kunena kuti nayenso anangopikula ndipo katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Masiku ano ndimagula m'sitolo yopereka lisiti, ndipo ndimayesabe.

Sungani malo awiri osiyana, mwachitsanzo hard drive yakunja ndi Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere, pa zinthu zofunika kwambiri. Mukamaliza, tengani hard drive ija mukailowetse mu kompyuta ina, mutsegule mafayilo kuchokera m'mafoda osiyanasiyana, makamaka omwe anakopedwa pomalizira. Tsegulani zithunzi, sewerani kanema mpaka kumapeto. Disiki ya laputopu musaikhudze musanachite zimenezi.

Kwa anzanga olemba mapulogalamu, Documents ndi Desktop si zokhazo. Foda ya .ssh ili mu C:\Users pansi pa dzina lanu, ndipo muli makiyi olowera ku maseva ndi ku GitHub. Lowani mu polojekiti iliyonse mulembe git status, mukankhe nthambi zonse zomwe zili pa makina anu okha. Mafayilo a .env sapita ku GitHub chifukwa munawaika nokha mu .gitignore, akopereni pamanja. Ngati mumagwiritsa ntchito XAMPP, tulutsani ma database ndi mysqldump kapena phpMyAdmin, musadalire kukopera foda ya data. Amene ali ndi WSL, Linux ya mkati mwa Windows, agwiritse ntchito wsl --export. Mapasiwedi a mu Chrome kapena Firefox onetsetsani kuti alumikizidwa ku akaunti yanu. Ndipo ngati disiki yanu ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48 yomwe imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, chifukwa mukangosintha zina mu BIOS, menyu ya makina yomwe mumalowamo Windows isanayake, Windows ikhoza kuifuna musanamalize kukopera.

Zikatha izi zotsalazo n'zosavuta. Tengani fulashi ina ya 16 GB, yoyesedwa, muikemo ISO ija pogwiritsa ntchito kapulogalamu ka Rufus. Zonse za mu fulashiyo zifufutika. Yatsaninso laputopu mukudina F12 pa Lenovo ndi Dell, kapena F9 pa HP, musankhe fulashi.

Musathamangire Install. Sankhani Try Ubuntu kaye, muone ngati Wi-Fi ikugwira, mawu akutuluka, kamera ikuyaka. Lumikizani chingwe cha HDMI ku TV ya pabalaza muone ngati chithunzi chikupita. Ma ThinkPad ndi ma Latitude kawirikawiri savuta. Ovuta ndi ena okhala ndi kadi ya Wi-Fi ya Broadcom, omwe amafuna driver yapadera. Zikatero lumikizani foni ndi chingwe cha USB, muyatse tethering, intaneti ibwera yokha. Pulogalamu yoikira Ubuntu ikadandaula za Intel RST, lowani mu BIOS musinthe disiki ikhale pa AHCI.

Poika, chongani kabokosi ka mapulogalamu a makampani ena kuti ma driver alowere limodzi. Ine ndinasankha kufufuta disiki yonse. Kukhala ndi Windows ndi Ubuntu pa makina amodzi kumatheka, koma pa disiki ya 256 GB mudzangopanikizika mbali zonse ziwiri. Batire likhale lodzaza musanayambe. Ngati batire lanu linafa ndipo laputopu imazima magetsi akangothima, kachitireni kumalo komwe kuli inveta kapena jenereta, chifukwa kuzima pakati pa ntchitoyi kumakusiyani ndi makina osayaka. Pa SSD zimatenga mphindi 20 kapena kuchepera. Ngati mukadali pa hard drive yozungulira, ino ndiyo nthawi yogula SSD, ndipo nayonso muiyese.

Ikayaka, tsegulani Terminal mulembe sudo apt update ndi sudo apt upgrade, kenako ikani git, build-essential ndi VS Code. Bwezerani .ssh mu foda yanu, muike chmod 700 pa foda ndi chmod 600 pa kiyi, apo ayi SSH ikana. Ubuntu 24.04 imabwera ndi Python 3.12 ndipo pip imakana kuika zinthu kunja kwa venv, ikani python3-venv muzolowere. Docker tsatirani malangizo a pa tsamba lawo.

Ngati muli ndi kokayankhula, masilaidi a PowerPoint amatseguka mu LibreOffice Impress koma zilembo zimasuntha, ndiye asandutseni PDF muike kope lina mu foni. Batani la Super (lija la chizindikiro cha Windows) ndi P zimasintha pakati pa sikirini yanu ndi pulojekita. Zoom kapena Meet ikavuta kuonetsa sikirini, tulukani mu akaunti, dinani kagiya pakona musankhe Ubuntu on Xorg. Nyamulani adaputa yanu ya HDMI kupita ku VGA, maholo ambiri akadali ndi mapulojekita akale. Ndipo kusamutsa konseku muchite patatsala milungu iwiri kapena kuposa kuti tsiku la msonkhano lifike.