Momwe mungapangire spectroscope ndi CD yakale ndi katoni

Aphunzitsi a fizikisi ndi kemisitiri kuno ku Mzuzu, ngakhalenso makolo amene muli ndi mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4, nkhaniyi ndi yanu. Makina amene akatswiri amayezera miyala yopangira laser, kapena ufa wokayikitsa umene apolisi agwira pa rodibuloko, ndi odula kwambiri. Koma mfundo yake mwana atha kuiona ndi maso ake: chinthu chilichonse chimatulutsa kapena kumeza kuwala kwa mitundu yakeyake, ngati chidindo cha chala. Spectroscope imangogawa kuwalako kuti mitunduyo ioneke payokhapayokha.

Pezani katoni ya nsapato, CD yotha ntchito, malezala awiri atsopano, sizasi ndi selotepi wakuda. Zonsezi mumsika wa Zigwagwa kapena m'magolosale a ku Luwinga sizivuta.

Yambani ndi mpata wolowera kuwala, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepa. Kumbali imodzi yaifupi ya katoni boolani kazenera kakang'ono. Matanipo malezala aja chopingasa, makuthwa awo atayang'anizana, ndipo pakati pawo musiye kampata kosapitirira theka la milimita. Mpata ukakula, mitundu imalowerana ndipo mizere imasowa. Ukachepetsetsa, m'katoni mumangokhala mdima. Ndi bwino kumata lezala limodzi kaye, lachiwirilo muzilisuntha mpaka mutakhutira. Malezala agwire ndi munthu wamkulu, osati ana.

Kenako dulani kachidutswa ka CD kuchokera pakati kupita m'mphepete. Muiviike kaye m'madzi otentha kuti isang'aluke podula. Pankhope ya CD pali timizere pafupifupi 625 pa milimita imodzi, ndipo ndi timeneti timene timagawa kuwala. Kachidutswako kaikeni mkati mwa katoni, kumbali yoyang'anizana ndi mpata, konyezimira kuyang'ana kumpata, katapendekera chagada pa madigiri pafupifupi 60 kuchokera pansi. Timizere take tigone chopingasa monga wagonera mpata. Pachivundikiro, pamwamba penipeni pa CD, boolani posuzumirira. Tsekani ming'alu ina yonse ndi selotepi, ndipo ngati mkati mwa katoni ndi moyera, mumatemo pepala lakuda.

Tsopano lozetsani mpata ku kandulo yoyaka, musuzumire. Muona utawaleza wosaduka kuchokera kufiira mpaka kubuluu. Pitani pa babu la energy saver, lija lopotana: utawaleza uja waduka, kwatsala mizere yowala yotalikirana. Wobiriwirawo, wa nanomita 546 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake), ndi wa mercury amene ali m'babumo, chimodzimodzinso wabuluu wa 436. Yesaninso pa babu la LED. Apa musathamange. Mwana aliyense asuzumire, ajambule m'kope zimene waona, ndipo anene yekha chifukwa chake mababu awiri ooneka oyera mofanana, la LED ndi la energy saver, akusiyana chonchi. Kamera ya foni mutaigunditsa pabowo imajambula bwino ndithu.

Mukafuna kuwasangalatsa kwenikweni, wazani mchere pang'ono pa lawi la Bunsen burner kapena la sipiliti m'chipinda chamdima. Mzere umodzi wachikasu ubwera, wa sodium amene ali mumcherewo, pa nanomita 589. Ndi njira yomweyi imene Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anatulukira nayo chitsulo chotchedwa caesium mu 1860.

Dzuwa musalilozetse chipangizochi, maso amapsa. Lozetsani kumtambo woyera, umene kuno kwathu susowa, kapena ku pepala loyera limene lili padzuwa.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi laser? Laser yoyamba anaipanga Theodore Maiman mu 1960 ndi ruby wopangidwa m'labotale, mwala wa mtundu womwe uja umapezeka ku Chimwadzulu ku Ntcheu. Ruby amafiira chifukwa cha chromium pang'ono amene ali mkati mwake, yemwe amameza kuwala kobiriwira ndi kwabuluu, nkutulutsa kofiira pa nanomita 694. Ofufuza miyala yotere amayeza ziwiri zomwezi: mwalawo ukumeza kuwala kuti, ukutulutsa kuti.

Pa mankhwala ozunguza bongo, anthu a labotale amawalitsa laser pa ufa kapena piritsi, nkuyeza kuwala kochepa kumene kwabwerera kutasintha mtundu. Kusintha mtundu kwa kuwala kotereku anakutulukira C. V. Raman wa ku India mu 1928, ndipo lero kuli makina a m'manja amene amayeza ufa uli m'kapepala ka pulasitiki koonekera, osakatsegula. Zotsatira amaziyerekeza ndi za mankhwala odziwika kale, monga kokeni, ndipo pofuna umboni wa kukhoti amatsimikizanso ndi makina ena monga GC-MS. Chichitikireni lamulo la 2020 lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, luso lotere likufunika kwambiri m'dziko muno, pakuti kuchuluka kwa THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, m'masamba diso silingakuone.

Anawo muwauze mosabisa kuti katoni yathuyi siyeza mankhwala, ndipo asabweretse ufa kapena masamba okayikitsa kusukulu ati kudzayesa. Samalaninso ndi ka laser kobiriwira kolozera pa bolodi. Mkati mwake muli kamwala ka neodymium kotulutsa kuwala kosaoneka kwa nanomita 1064, kumene kamwala kena kamakusandutsa 532. Totchipa tina timadontheza kuwala kosaonekako, choncho musakalozetse mumpata wina akusuzumira. Kawalitseni pakhoma loyera, muyang'ane kadontho kapakhomako.