Mwazula maluwa onse, nanga timavu tidya chiyani?

Nyengo ino repu ndi kabichi m'madimba a anzathu ku Diepsloot ndi ku Orange Farm, madera a ku Johannesburg, zadzadza ndi nsabwe, masamba abookabooka ndi mbozi. Chondiwawa n'chakuti madimba amene avutika kwambiri ndi aja opaliridwa bwino, oti simupezamo duwa ngakhale limodzi. Mpiru ukangotulutsa duwa, mwazula. Dhania (coriander) akangoyamba maluwa, mwataya, ati wakalamba.

Pochita zimenezi mukupha ndi njala timavu tomwe timakugwirirani ntchito usana wonse popanda malipiro. Sindikunena mavu oluma aja. Iti n'tating'onoting'ono, tina tochepa ngati nyerere. Kamtundu ka Diaeretiella rapae kamaikira dzira m'thupi mwa nsabwe, nsabweyo n'kutupa, n'kuuma, n'kusanduka yofiirira. Ka Cotesia nakonso kamaikira dzira m'thupi mwa mbozi ya kabichi. Ana ake amadya chilombocho, inde, koma mayi wake amadalira timadzi totsekemera ta m'maluwa. Akatisowa amafa m'masiku ochepa, mazira ambiri asanaikire. Akatipeza amakhalitsa, amauluka kutali, amasaka kwambiri. Timadzi tomata totuluka mwa nsabwe amanyambitako, koma nthawi zambiri sitimupatsa mphamvu ngati ta m'maluwa.

Ndiye nsabwe zikachuluka mumathamangira mankhwala, marandi n'kumapita mlungu ndi mlungu. Mankhwala ngati cypermethrin amamaliza timavu totsala, pomwe mbozi ya kabichi inazolowera kale mankhwala ambiri. Mpaka liti, abale?

Bambo wina wa ku Dedza, amene amalima kuseri kwa nyumba ya abwana ake, anandionetsa monyadira mmene amatswanyira "mazira a mbozi" oyera pansi pa masamba. Ndinawauza kuti, "Bambo, timeneti n'tizikwa ta mavu, mukupha antchito anu." Anagwira pakamwa. Iwo anaphunzira kumudzi kuti munda wa munthu wakhama uzikhala woyera, ndipo ambiri tinakula choncho. Koma dimba la masamba si bwalo losesa.

Si duwa lililonse lothandiza. Timavuti tili ndi pakamwa pafupi, sitifika m'maluwa akuya. Siyani dhania, fennel, dill kapena karoti pang'ono zichite maluwa m'mphepete mwa bedi, ndiponso mapesi angapo a mpiru. Alyssum amapezeka m'manazale ambiri ndipo amakhalitsa ndi maluwa. Dhania muzifesa pang'onopang'ono masabata angapo aliwonse kuti maluwa asathere pamodzi, makamaka chisanu cha Juni ndi Julayi chikangodutsa. Mukakakamizika kupopera, poperani madzulo pa mbewu zodwala zokha, maluwawo muwalambalale.