Kuonetsa anthu Jupiter ndi ma binoculars

Mwafunsa ngati ma binoculars a 10x50 (okuza zinthu maulendo 10) angakwanire kuonetsa ana ndi anansi pulaneti ya Jupiter. Akwanira ndithu.

Choyamba onani pa Stellarium (pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta yoonetsa zakuthambo) nthawi ndi mbali imene Jupiter atulukire. Kenako pitani pabwalo lopanda magetsi, muzimitse matochi ndi mafoni, maso azolowere mdima kwa mphindi 20.

Chachikulu n'chakuti manja asagwedezeke. Tsamizani zigongono pampanda wa njerwa kapena padenga la galimoto. Mukatero muona timadontho tili pamzere pambali pa Jupiter: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi yozungulira Jupiter imene katswiri wa zakuthambo Galileo anaiona mu 1610. Nthawi zina imaoneka itatu yokha, wina utabisala kuseri.

Ana ayambe ndiwo kuona, aliyense ajambule papepala. Mawa lake mubwerenso ayerekeze, apeza timadonthoto titasuntha.

Chonde, ma binocularswo wina asalozetse kudzuwa, angachite khungu.