Kompyuta yokonzera mavidiyo imafuna RAM yochuluka bwanji?

RAM ndi memory imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo. Ngati ntchito yanu ndi mavidiyo a 1080p, 16 GB ikukwanirani. Ngati mukugwira 4K, gulani 32 GB. Mukamawonjezera After Effects, Fusion (mapulogalamu oikira ma effect) kapena makamera atatu anayi pa 4K yomweyo, mufunika 64 GB. Za 128 GB zisiyireni anthu a 6K ndi 8K RAW. Manambalawa sakutalikirana ndi zimene eni mapulogalamu amanena: Adobe imati Premiere Pro imatseguka ndi 8 GB koma imalimbikitsa 16 GB pa HD ndi 32 GB kapena kuposerapo pa 4K, pomwe Blackmagic imati DaVinci Resolve ya pa Windows ifuna 16 GB, ndipo 32 GB ngati mukugwiritsa ntchito Fusion.

Koma musanatulutse ndalama, dziwani khalidwe la RAM. Ikachepa, kompyuta imagwada. Ikakwana, kuwonjezera ina sikusintha kanthu. Munthu amene ntchito yake imadya 20 GB sadzaona kusiyana kulikonse pakati pa 32 GB ndi 128 GB, ndipo ndalama yapamwambayo ikanamugulira SSD (disk yothamanga) kapena graphics card yabwinoko. Nkhani yonse yagona pa kudziwa kuti ntchito yanu imadya zingati.

Chimene chimadya RAM

Ambiri amaganiza kuti akajambula ukwati tsiku lonse n'kubwera ndi mafayilo a 200 GB, ndiye kuti kompyuta ikufuna RAM yofanana ndi pamenepo. Ayi. Mafayilo amakhala pa disk. Pulogalamu imatengako kachigawo kamene mukuonera panthawiyo, pamodzi ndi zithunzi zingapo za kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Zili ngati telala: nsalu zonse zili m'kabati, koma imene akudula iyenera kukwana pa thebulo. Thebulo likachepa, amangokhalira kupinda ndi kufunyulula m'malo modula.

Chimene chimadzaza thebulolo ndi kukula kwa chithunzi chilichonse chikamasulidwa. Vidiyo ya m'kamera imakhala yopanikizidwa, koma kuti pulogalamu iike mtundu kapena mawu pamwamba pake iyenera kuimasula kaye. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 kuchulukitsa ndi 1080, pafupifupi 2 miliyoni. Pa 8-bit kadontho kalikonse kamatenga ma byte 4, choncho chithunzi chimodzi ndi 8 MB ndi pang'ono. Cha 4K, cha 3840 ndi 2160, n'chachikulu kanayi: 33 MB. Pa liwiro la zithunzi 25 pa sekondi, sekondi imodzi ya 4K yomasulidwa imatenga pafupifupi 830 MB.

Apa ndi pamene After Effects imasiyana ndi anzake. Premiere ndi Resolve zimawerenga pa disk n'kumataya zimene zadutsa, koma After Effects imasunga zithunzi zonse za preview kuti izisewere mosadukiza. Pa kompyuta ya 16 GB, Windows ikatengapo gawo lake, mwina patsala 10 GB. Imeneyo ndi masekondi 12 okha a 4K. Mukakweza project kufika pa 16-bit, masekondiwo atsika kufika pa 6. Pa 32-bit atsala 3. N'chifukwa chake kamzere kobiriwira ka pamwamba pa timeline kamakula kutsogolo kwinaku kakufufutika kumbuyo. After Effects imathandizidwa ndi disk cache, koma SSD ngakhale yothamanga chotani siifika pa liwiro la RAM.

Zinanso zimene zimadya n'zosaoneka msanga. Multicam ya makamera anayi ndiye kuti mavidiyo anayi akumasulidwa nthawi imodzi. Zithunzi za kamera ya 24 megapixel zoikidwa pa timeline osazichepetsa zimatenga pafupifupi 96 MB chilichonse, ndiye taganizani slideshow ya pa chinkhoswe ya zithunzi 300. Dynamic Link, yolumikiza Premiere ndi After Effects, imatsegula After Effects kuseri ngakhale inu mukuona Premiere yokha. Ndiye pali Chrome, imene ndi ma tab makumi awiri imatha kumeza ma GB angapo mwakachetechete.

Yezani kaye

Tsegulani project yanu yolemetsetsa, osati yoyeserera. Tsegulaninso zonse zimene mumakhala nazo pogwira ntchito, kaya ndi Photoshop, browser kapena WhatsApp ya pa kompyuta. Gwirani ntchito mphindi makumi awiri kapena atatu, kusewera timeline, kudumpha uku ndi uku, kuika mitundu, kenaka yambitsani export. Ili mkati, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, musankhe Memory.

Yang'anani pa Available. Ikatsika pansi pa 2 GB, disk C n'kumaonetsa 100 peresenti, RAM yakuchepelani. Chikuchitika n'chakuti Windows yayamba kusamutsira zinthu ku pagefile, malo a pa disk amene imagwiritsa ntchito RAM ikadzaza, ndipo mudzaona zizindikiro zake: mukachoka pa Premiere kupita pa browser pamatenga masekondi angapo, mbewa imakakamira, nthawi zina pulogalamu imangotseka yokha pakati pa export. Mu Resource Monitor, nambala ya Hard Faults/sec imakhala yokwera osatsika. Pa Mac tsegulani Activity Monitor, pa Memory: Memory Pressure ikakhala yobiriwira muli bwino, yachikasu mwafika m'malire, yofiira ndiye kuti yachepa.

Tsamba lomwelo la Task Manager likuuzaninso liwiro la RAM yanu ndi ma slot angati amene ali ndi kanthu, monga 1 of 2 kapena 2 of 4. Lembani zimenezo, muzifuna pogula.

Pamene vuto si RAM

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Vidiyo ikudukaduka, munthu athamangira kukagula RAM, abwera, aika, kudukaduka kuli pomwepo.

RAM ikakhala pa 60 peresenti koma CPU (processor) ili pa 100, vuto ndi mtundu wa fayilo. H.264 ndi H.265 sizisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Zimasunga chimodzi chathunthu, zotsatira n'kumangolemba zimene zasintha. Kuti pulogalamu ikuonetseni chithunzi cha pakati, iyenera kubwerera m'mbuyo n'kuwerengera. Mafayilo a H.265 10-bit 4:2:2, monga a Canon R5 ndi Sony A7S III, ndiwo ovutitsitsa, chifukwa ma graphics card ambiri akale satha kuwamasula okha ndipo katundu yense amagwera CPU. Mankhwala ake ndi ma proxy, makope opepuka a mafayilo anu. Mu Premiere, sankhani mafayilo mu Project panel, dinani kumanja, Proxy, Create Proxies, musankhe ProRes Proxy. Mu Resolve ndi Generate Proxy Media. Mumadula ndi timafayilo topepuka, export imabwerera ku mafayilo enieni. Ndi ma proxy, kompyuta ya 16 GB imadula 4K bwinobwino, bola musaipanikize ndi ma effect.

Mavidiyo a pa foni ali ndi lawo vuto: liwiro la zithunzi limasinthasintha mkati mwa fayilo imodzi, ndipo mawu amayamba kusemphana ndi milomo. Adutsitseni mu pulogalamu ya HandBrake, musankhe Constant Framerate.

Resolve ikalemba kuti GPU memory is full, ikunena za memory ya pa graphics card, imene ndi ina ndipo siiwonjezereka. Ngakhale muike 128 GB pa motherboard, uthengawo sudzachoka. Noise reduction ndi timeline ya 4K ndizo zimaidzaza msanga. Tsitsani timeline ikhale 1080p pamene mukudula n'kuikweza pa export, kapena pezani khadi ya 8 GB kupita m'mwamba. Kwa munthu wa Resolve amene ali kale ndi 32 GB, ndalama yotsatira ipite ku graphics card, osati ku RAM.

Kugula yoyenera

RAM siyongotola iliyonse. DDR4 ndi DDR5 za desktop zonse zili ndi mapini 288, koma kampata ka pansi kali pamalo osiyana, moti ina siilowa m'malo mwa inzake. Mukaikakamiza muthyola slot. Ma processor a AMD a socket AM4 amayendera DDR4, a AM5 amayendera DDR5 yokha. A Intel a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 amalola zonse ziwiri, koma motherboard iliyonse imalandira mtundu umodzi, ndiye werengani dzina la motherboard yanu. Laputopu imafuna zazifupi zotchedwa SO-DIMM. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z ikuonetsani zonsezi pa Mainboard, Memory ndi SPD.

Fufuzaninso malire a makina anu pa tsamba la amene anawapanga. Malaputopu ambiri opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa board, palibe chochotsa kapena kuwonjezera. Ma Mac onse a Apple silicon, kuyambira M1 ya 2020, ali choncho, ndipo memory yomweyo ndi imene CPU ndi GPU zimagawana. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale. Mac ya 8 GB ya kaunjika ingaoneke yotchipa, koma pa ntchito ya 4K idzakutopetsani.

Gulani ziwiri zofanana m'paketi imodzi, osati imodzi yaikulu. Ziwiri za 16 GB zimayenda pa misewu iwiri, chimene amachitcha dual channel, pomwe imodzi ya 32 GB imayenda pa msewu umodzi. DDR4-3200 imodzi imanyamula 25.6 GB pa sekondi, ziwiri 51.2. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pa makina opanda graphics card yapadera, chifukwa zithunzi nazo zimadalira RAM yomweyo. Pa DDR5 pewani kudzaza ma slot onse anayi ngati mungathe: pa Ryzen 7000, AMD imalonjeza liwiro la 5200 ndi RAM ziwiri koma 3600 yokha ndi zinayi. Ngati mukudziwa kuti mudzafuna 64 GB, yambirani pa ziwiri za 32 GB.

Kusakaniza 8 GB yakale ndi 16 GB yatsopano nthawi zambiri kumatheka, ndipo 24 GB iposa 8 GB kutalitali. Dziwani chabe kuti zonse zidzayenda pa liwiro la yochedwayo, ndipo mwa apo ndi apo zimakanirana.

Chenjerani ndi RAM ya ma server. Pamsika pamapezeka DDR4 ECC Registered yotchipa modabwitsa, ndipo imalowa bwinobwino mu slot ya desktop wamba, koma kompyuta siyaka. Imagwira m'makina opangidwira imeneyo, monga HP Z440, imene ili ndi ma slot 8 ndipo imafika 128 GB. Amene ali ndi makina otere ndiye ali ndi mwayi, atha kudzaza 64 GB pa mtengo wochepa. Pa chizindikiro cha RAM yotere pamakhala chilembo R pambuyo pa liwiro, monga PC4-2400T-R. Ya desktop wamba imakhala ndi U.

Kuika ndi kuyesa

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze RAM, ndipo muziigwira m'mbali, osati pa mano agolide. Pa motherboard ya ma slot anayi, RAM ziwiri zimalowa pa slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa CPU, zolembedwa A2 ndi B2 pa ma board ambiri. Mukaziika moyandikana mwataya dual channel. Tsegulani timakoko, lunjikitsani kampata, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka mumve kuti thwa. Pa laputopu chotsani kaye batire kapena chingwe chake, lowetsani RAM mopendekera, kenaka muigonetse mpaka tizitsulo ta m'mbali tiigwire.

Mukayatsa n'kuona mdima, musathamangire kunena kuti yafa. DDR5 poyaka koyamba imatha kukhala mphindi zingapo ikudziyesa. Mdima ukapitirira, kawirikawiri ndiye kuti mbali imodzi sinalowe mpaka pansi. Zulani, bwezeretsani, yesani imodziimodzi. M'makina okhala pafumbi, uzirani mpweya mu slot ndi kupukuta mano a RAM ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol.

Ikayaka, lowani mu BIOS muyatse XMP, kapena EXPO pa AMD ya DDR5, zimene zimayendetsa RAM pa liwiro lolembedwa pa iyo. Popanda zimenezi RAM yolembedwa 3200 imatha kumayenda pa 2133 kapena 2400, ndipo ya DDR5-6000 pa 4800. Kenaka ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash, muyatsire kompyuta pamenepo, muisiye imalize maulendo ake anayi, bwino usiku. Cholakwika ngakhale chimodzi n'chokwanira kusonyeza kuti pali vuto. Zimitsani XMP muyesenso. Chikabweranso, bwezani RAM kwa wogulitsa. RAM yodwala siionekera polemba kalata, imadikira export ya maola awiri n'kukugwetserani pa 90 peresenti, kapena kuika timadontho tachilendo m'vidiyo ya kasitomala.

Pomaliza uzani mapulogalamu za RAM yatsopanoyo. Mu Premiere pitani pa Edit, Preferences, Memory, pa RAM reserved for other applications musiyepo 4 mpaka 6 GB pa makina a 32 GB. Mukasiya yochepa kwambiri Windows imabanika n'kuchedwetsa zonse. Mu Resolve zili pa Preferences, System, Memory and GPU. Pagefile musaizimitse ngakhale muli ndi 64 GB, isiyeni Windows iziyendetsa yokha, ndipo disk C izikhala ndi malo opuma. Media cache ikhale pa SSD, osati pa hard disk yozungulira. Ndipo poti zonse za mu RAM zimafufutika magetsi akangothima, tsitsani Auto Save ya Premiere ifike pa mphindi 5, muyatse Live Save mu Resolve, ndipo desktop ikhale pa UPS (batire yosungira magetsi) yotha kuisunga mphindi zokwanira kusunga project ndi kuzimitsa bwino.