Mmene mungadziwire kuti phiri latsala pang'ono kugumuka pa namondwe

Namondwe Maria atafika pa chilumba cha Puerto Rico pa 20 September 2017, nthaka inagumuka m'malo opitirira 40,000, makamaka kumapiri a pakati monga ku Utuado. Chinagwetsa mapiriwo ndi mvula. Madzi akadzaza m'dothi, dothilo limalemera, limasiya kugwirana ndi thanthwe la pansi, kenako limatsetsereka. Ndi zomwezo zinachitika pa phiri la Soche ku Blantyre nthawi ya namondwe Freddy mu 2023.

Mvula isanayambe, yenderani kumtunda kwa nyumba. Mukaona mng'alu pansi, khomani zikhomo ziwiri, china uku china uku, muyeze mpata wake m'mawa ndi madzulo. Mpatawo ukamakula, samukani. Onaninso mitengo ndi mapolo opendekera, zitseko zomwe zayamba kukana kutsekeka, ndi kasupe wotumphuka pamalo pouma kale.

Madzi a padenga asamathere pamalo otsetsereka. Atsogolereni m'ngalande mpaka kumunsi. Khoma lotchinga dothi likhale ndi timabowo totulutsa madzi, apo ayi limasanduka damu n'kugwa lonse. Ambiri amalakwitsa podula tsinde la phiri kuti akulitse bwalo, osadziwa kuti achotsa mchirikizo.

Mtsinje ukada ndi matope mwadzidzidzi, kapena ukaphwa mvula ikugwabe, mwina dothi lagumuka kumtunda kapena watsekeka komweko. Mukamva mkokomo ngati wa lole, thawirani cham'mbali, osati kumunsi, chifukwa matope simungawapose liwiro. Mvula ikakata musafulumire kubwerera, dothi lokhuta madzi limagumukabe patapita masiku.