Chimanga Chikuwolera M'matumba Chifukwa Antchito Akuopa Abwana

Mu Juni chaka chino ndinaitanidwa ku nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivi ina kufupi ndi Lunzu, kumene chimanga chinali chitayamba kununkha chuku. Titamasula matumba a pansi pa mulu ndinapisamo dzanja, ndipo m'kati munali mofunda ngati pamene pachoka nkhuku yofungatira, njere zitamatirirana, zina zitasanduka zobiriwira. Ndinafunsa anyamata amene anasanja matumbawo ngati sanazindikire kuti chimangacho chinafika chosauma. Onse anawerama, mpaka mmodzi ananditsatira pamene ndinaimika njinga yamoto n'kundiuza motsitsa mawu kuti: "Tinaona ndithu, alangizi, pakuti tikaluma njere sinkalira pa mano. Koma mnzathu amene anakauza abwana za matumba obooka mwezi watha anamudula malipiro a masiku atatu, ndiye ife tinangosanja n'kukhala chete."

Cholakwa chimenechi ndachipezanso ku Lirangwe ndi ku Chileka m'nyengo yomwe ino: woyang'anira ntchito akulanga munthu amene wabwera kudzanena vuto. Abwana aja podula malipirowo ankaganiza kuti akuphunzitsa antchito kusamala matumba, koma chimene antchitowo anatolapo n'chakuti vuto likaoneka, wofuna kusunga ntchito amatseka pakamwa. Kuchokera tsiku limenelo anthu amene amagwira chimanga ndi manja awo tsiku ndi tsiku anasiya kunena zimene akuona, ndipo wapampando ndi komiti yake, amene amalowa m'nyumbamo pa tsiku la msonkhano lokha, anatsala akukhulupirira kaundula wosonyeza kuti zonse zili bwino.

Chimanga chija chikananenedwa tsiku limene chinafika, chikanangofuna masiku ochepa pa tenti padzuwa ndi ganyu ya anthu awiri ochitembenuza. Popeza chinakhala m'matumba milungu ingapo, mbali ina tsopano ndi yotaya, chifukwa poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, satha ndi kugayitsa kapena kuphika. Amawononga chiwindi, ndipo ng'ombe ikadya chimanga choterocho poizoniyo amakapezekanso mu mkaka. Wogula akakana katundu kamodzi, chaka chotsatira amabwera ndi mtengo wotsika, motero alimi amene anabweretsa chimanga chouma bwino amaluzira limodzi ndi amene anabweretsa chonyowa. Palinso china chimene sichilowa m'buku la msungichuma, ndicho chakuti mnyamata wodulidwa malipiro uja anasiya ntchito n'kupita kukanyamula katundu ku Limbe, pamene pa gulu lonselo iye ndiye ankaona thumba lobooka asanauzidwe ndi munthu.

Sindibwereza pano za chinyezi chosapitirira 13 peresenti, za botolo la mchere loyesera kuuma kwa chimanga kapena za kusanja matumba pa matabwa kutali ndi khoma, chifukwa zimenezi taziphunzitsa chaka ndi chaka ndipo anyamata aja ankazidziwa bwino lomwe. Chimene chanditopetsa ine ndi chizolowezi chakale chakuti wamkulu salakwa ndipo wamng'ono sayankha, chimene tachinyamula kumudzi n'kuchilowetsa m'makomiti, m'mafakitale a ku Makata ndi m'maofesi a m'tauni momwe. Msonkhano wa Lolemba m'mawa umasanduka bwalo la milandu, funso loyamba limakhala lakuti wachita zimenezi ndani, ndipo munthuyo akapezeka onse amabalalika atakhutira, denga likudonthabe pamalo pomwe paja. Timakonda kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansiyo akakhala waganyu timamuthamangitsa asanamalize kulankhula.

Nkhaniyi ena anaifufuza kale. Amy Edmondson, wofufuza wa pa yunivesite ya Harvard ku America, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, ankayembekezera kuti magulu ogwirizana ndiponso otsogozedwa bwino apezeka ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Anapeza kuti magulu amenewo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa, ndipo atafufuzanso anaona kuti anamwino a m'magulu amenewo ankaulula akalakwitsa, pamene anzawo okhala ndi atsogoleri aukali ankabisa. Mu 1999 anasindikiza kafukufuku wa magulu 51 a pa kampani ina yopanga katundu, wosonyeza kuti gulu limaphunzira bwino ngati mamembala ake akukhulupirira kuti sanyozedwa kapena kulangidwa akafunsa funso kapena akavomera cholakwa. N'chifukwa chake ine ndikaona kaundula woyera, wopanda vuto ngakhale limodzi mwezi wathunthu, ndimapempha makiyi kuti ndikamasule matumba ndekha.

Mu 2017, pamene ntchemberezandonda zinavuta m'minda ya chimanga, ndinacheza ndi mayi wina wachikulire ku Kunthembwe amene munda wake unadyedwa pafupifupi wonse. Mdzukulu wake ndiye ankapita kumundako m'mawa uliwonse, ndipo anaona masamba obookabooka ndi zinyenyeswa zonga utuchi m'nsonga za chimanga kwa masiku ambiri osanena kanthu. Nditafunsa chifukwa chake, mayiwo anandifotokozera kuti chaka cham'mbuyo mwanayo anathamanga kudzanena kuti mbuzi zalowa m'munda, ndipo iwo m'malo mothamangira mbuzizo anayamba ndi kumukwapula. Anandiuza kuti: "Alangizi, musamukalipire mwanayu, kubisa ndinamuphunzitsa ndine, ndi ndodo yomwe mukuiona pakhomoyi." Mawu ngati amenewa sindinawamvepo kwa wapampando kapena kapitawo aliyense, ngakhale kuti ambiri a iwo ndodo yawo ndi cholembera chodulira malipiro.

Zoyenera kuchita n'zochepa ndipo sizifuna ndalama. Ku mafakitale a Toyota wantchito aliyense akaona vuto amaloledwa kukoka chingwe chotchedwa andon, ndipo kapitawo amabwera kudzathandiza, ntchito n'kuimitsidwa ngati vutolo silinathe. Nafenso tingagwirizane kuti waganyu aliyense ali ndi ufulu wokana kusanja thumba limene akulikayikira mpaka liyesedwe. Munthu akabwera kudzanena vuto, woyang'anira ayambe ndi kumuthokoza, kenako afunse chimene chinachitika ndi mmene chinachitikira, ndipo zimenezo zilembedwe m'kope popanda dzina la munthu. Pa msonkhano, woyang'anira ayambe kutchula cholakwa chake cha sabata imeneyo, ndipo achinyamata ndi amayi, amene kawirikawiri amakhala kumbuyo, afunsidwe maganizo akuluakulu asanalankhule. Wakuba ndi wonyalanyaza mwadala alangidwe monga mwa malamulo a gulu, koma asaikidwe m'thumba limodzi ndi amene walakwitsa n'kudziulula yekha. Ku Lunzu kuja ndinalangiza komiti kuti imufunefune mnyamata uja ku Limbe, imubwezere malipiro ake pamaso pa anzake, ndiponso kuti chimanga chobiriwiracho chikwiriridwe m'dzenje lakuya, wina asachitengere kwawo kukapatsa nkhuku.