Momwe mungalukire mkanda wa pa chinkhoswe wosaduka povina

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, Loweruka silidutsa ku Salima kuno popanda chinkhoswe kapena ukwati, kaya pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Telala akamaliza yunifolomu, nkhani imatsala ya m'khosi. Mikanda yongotunga pa ulusi umodzi imaoneka bwino m'mawa, koma ikafika nthawi ya perekaniperekani, thukuta lili kamukamu, mwana wa m'manja akangoikoka kamodzi yonse imamwazika pansi. Mkanda woluka sutero, chifukwa ulusi umadutsa m'kamkanda kalikonse kawiri kapena katatu. Ukaduka pamalo amodzi, pena ponse pamagwirabe mpaka mwambo utatha.

Mkanda umene tiluke pano uli ndi zingwe ziwiri zopota za kalukidwe ka Ndebele, kamene ena amati herringbone, ndi chigawo cha pachifuwa cha ngale cholukidwa mwa right angle weave, kalukidwe ka timabwalo ta ngale zinayizinayi. Ngati simunalukepo chilichonse ndi singano, yambani mwayeserera ndi timikanda tikulutikulu. Ntchitoyi imafuna dzanja lozolowera pang'ono.

Zogula ndi zoyenera kuzikana

Mikanda yagalasi yakhala ikuchokera kutali kuyambira kale. Ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu lakale la Amaravi, wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yobwera ndi amalonda a kunyanja ya mchere, ndipo m'zaka za m'ma 1800 inkalowanso pa Nkhotakota nthawi ya a Jumbe. Lero imachokera ku Czech Republic, Japan, India ndi China, ndipo kumene yachokera kumaonekera pa ntchito. Ta ku Japan, monga Miyuki ndi Toho, timakhala tofanana msinkhu ndiponso ta mabowo aakulu. Ta ku Czech ndi tabwinonso. Totchipa ta m'mapaketi opanda dzina timasiyana, kena konenepa kena kopyapyala, ndipo pa kalukidwe ka Ndebele kusiyana kumeneko kumapindika chingwe. Ngati ndi tomwe mwapeza, tithireni pambale n'kusankha monga timasankhira mpunga, kuchotsa tophwanyika ndi ta mabowo otsekeka. Mutaya tambiri, choncho gulani toonjezera.

Nambala ya msinkhu ikamakula kamkanda kamachepa: ta 8/0 ndi pafupifupi mamilimita 3, ta 11/0 mamilimita 2, ta 15/0 n'tochepa kuposa apo. Pa zingwe gulani ta 11/0 ta mitundu iwiri, magalamu 10 mtundu uliwonse. Pachifuwa pakufunika ngale zagalasi za mamilimita 4 zokwana 60, ngakhale zolowa pantchito sizifika pamenepo, ndi timikanda pang'ono ta 15/0 ndi ta 8/0. Singano ikhale ya mikanda, nambala 10 kapena 12. Yosokera zovala ili ndi diso lotupa, imaswa timikanda mukabwereza kachiwiri.

Mtundu musausankhe ndi pamtima. Pemphani kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo kwa telala, mupite nako kogula, muyerekeze panja padzuwa. Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri, tengani mtundu umodzi wa m'nsaluyo, winawo ukhale wagolide, woyera kapena wakuda. Ine mkanda wofuna kutengera mitundu yonse ya m'chitenje sindiukonda, umasowa m'khosi.

Musanaluke, yesani utoto. Timikanda tina ndi galasi la mtundu womwewo mpaka mkati, tina anangotipaka pamwamba, makamaka tagolide, tasiliva ndi tapinki towala. Kutentha kwa mu Okotobala kunyanja kuno, thukuta ndi mafuta odzola zimasupula utoto wopakawo tsiku limodzi, n'kusiya mzere pa kolala ya mkwatibwi. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi a sopo, mutikitirepo timikanda tingapo mwamphamvu. Kansalu kakasintha mtundu, timenewo tisiyeni.

Nkhani ya ulusi

Apa ndi pamene mikanda yambiri imafera. Ulusi wa thonje wosokera umadyeka ndi m'mphepete mwa galasi. Nayiloni woonekera mkati amene asodzi amamangira mbedza, poti ndiye wosasowa kuno, ambiri amathamangira iyeyo, koma ndi wouma, amasunga mapindikidwe a pa chokulungira chake, mfundo zake zimaterera, ndipo akakhalitsa padzuwa amathetheka. Chingwe cha Ndebele cholukidwa ndi iye chimaima gwa m'malo mogona pakhosi. Wabwino ndi ulusi wopota wopyapyala monga FireLine wa 6 lb, umenenso poyamba anaupangira usodzi, kapena ulusi wa mikanda monga Nymo. Nymo muyambe mwamukoka kuti atambasuke, kenaka mumupake phula la njuchi kuti asamapotane. Pa ngale ndi makristalo (mikanda yagalasi yonyezimira), omwe mabowo ake ndi akuthwa, FireLine ndiye amapirira.

Dulani ulusi wotalika ngati manja anu onse mutatambasula. Wautali kuposa apo umangokolana.

Kuyeza khosi

Zungulizani tepi pamene mwini wake akufuna mkanda ugone, atavala bulauzi ya khosi lofanana ndi ya tsikulo. Wogwira khosi umakhala masentimita 36 mpaka 40, wogona pa mafupa a m'munsi mwa khosi masentimita 45. Tiyerekeze wa 45: chigawo cha pachifuwa chitenga 9, chokolowekera ndi molumikizira zitenga pafupifupi 4, zingwe ziwiri zitsala ndi 16 chilichonse.

Kuluka chingwe

Yalani kathaulo m'mbale kuti timikanda tisamagubuduke, ndipo khalani powala. Mitundu iwiri ija tiitche woyera ndi wagolide.

Tungani koyera ndi kagolide, musiye mchira wa ulusi wa masentimita 20. Lowetsaninso singano mu tonse tiwiri kuchokera kumene munayambira, mukoke, tigonerane m'mbali mabowo ataloza kumwamba. Tungani koyera kena, mubwerere m'kagolide kaja kulowera mbali yomwe ulusi unalowera, kenaka mulowe m'katsopanoko. Chitaninso chimodzimodzi ndi kagolide kachiwiri. Muli ndi kamakwerero ka timikanda tinayi. Lumikizani komaliza ndi koyamba podutsa mu tiwiriti kawiri, pakhale kamphete, ulusi utulukire pamwamba pa koyera koyamba.

Mzere wachiwiri: tungani koyera ndi kagolide, mutsike m'kagolide koyandikana nako, mukwere m'koyera kotsatira. Timikanda tiwiri tatsopanoto tikhala pamwamba topendekera, kena uku kena uko, ndipo kupendekera kumeneko ndiko maonekedwe a Ndebele. Ngati kamodzi kagona chammbali, kadzutseni ndi nsonga ya singano musanapitirire. Tunganinso tiwiri, mutsike m'kagolide kachiwiri, ndipo pokwera mudutse timikanda tiwiri toyera: kakale ndi kamene munaika poyamba mzere uno. Mukaiwala kukwera kachiwiriko, mzere wotsatira uyambira pansi ndipo chingwe chikhala ndi chotupa.

Mizere itatu kapena inayi yoyambirira ndi yovuta kugwira. Lowetsani kamtengo ka machesi kapena kawaya pakati pa mphete kuti zala zipeze pogwira, mudzakachotse chingwe chikatalika.

Kuti chingwe chipote, kuyambira mzere wachinayi sinthani kayendedwe: mukatunga tiwiri, tsikani timikanda tiwiri m'malo mwa kamodzi, koma pokwera mulowe m'kamodzi kokha, koyera kotsatira kapamwamba penipeni. Kutsika tiwiri, kukwera kamodzi, mpaka kumapeto, ndipo kukwera kwapadera kotsekera mzere kuja sikufunikanso. Kupota sikuoneka msanga. Mudzaluka masentimita awiri kapena atatu chingwe chikuoneka chowongoka, kenaka mizere yoyera ndi yagolide iyamba kuzungulirana yokha. Musachipotole ndi manja.

Chimene chimasiyanitsa mkanda wa pa mwambo ndi wa masewera ndi kakungidwe ka ulusi. Mukatha kulowetsa kulikonse, kokani mpaka ulusi usaoneke pakati pa timikanda, koma osafika poti chingwe chikanike kupinda. Kuyesa kwake n'kosavuta: chikulungeni pa zala ziwiri. Chikakana, mwakunga kwambiri, ndipo tsiku lina kamkanda kadzasweka pokhota. Chikagwa lendelende mipata ikuoneka, mwalekerera. Ulusi muziukulunga pa chala chamkombaphala cha dzanja logwira, kuti zimene mwakoka zisabwerere pamene mukutunga tina. Dzanja limasinthanso ndi kutopa: m'mawa mumakunga, madzulo mumalekerera. N'chifukwa chake ndi bwino kuluka zingwe ziwirizo mosinthanasinthana, masentimita angapo ichi, angapo icho, kuti kusiyanako kusagwere mbali imodzi ya khosi.

Ulusi ukatsala masentimita 15, siyani. Tengani watsopano, muulowetse mizere isanu kapena isanu ndi umodzi m'munsi, mukwere nawo m'timikanda, mumange kamfundo kozungulira ulusi wa pakati pa timikanda tiwiri, mupitirire, mumangenso kena, mpaka mutulukire pamene wakale wathera. Lukani mizere ingapo, kenaka wakale uja muubise chimodzimodzi cholowera kumunsi ndi kuudula. Guluu wa supa musamuyandikize: amaumitsa ulusi n'kuuthyola, amasiyanso zoyera pa ngale.

Chigawo cha pachifuwa

Tungani ngale zinayi, mudutsenso mu zonse kuti zipange mphete, kabwalo koyamba, mupitirire mpaka ulusi utulukire mu ngale yoyang'anana ndi mchira. Tungani zitatu, mubwerere mu ngale imene munatulukamo kulowera mbali inayo, kenaka mudutse ziwiri mwa zatsopanozo. Mwafika pa ngale ya kumapeto, pamene kabwalo kotsatira kayambire. Ulusi umayenda mozungulira, kabwalo aka kumanja, kotsatira kumanzere, ndipo sudumpha molunjika kuchoka pa ngale ya pamwamba kupita pa inzake ya pamwamba. Mukaona ulusi wadutsa mowongoka pampata, bwererani.

Lukani timabwalo 15, zimene zitenga ngale 46. Nambala ya timabwalo ikhale yosagawika pawiri kuti pakhale kabwalo ka pakati penipeni. Pakadali pano chigawochi chikhala chofewa, chosaoneka bwino. Musadandaule, chimalimba ndi zokongoletsa.

Ulusi utulukire pamwamba pa ngale ya kumapeto. Tungani tiwiri ta 15/0, kamodzi kagolide ka 11/0, tiwirinso ta 15/0, mudutse chopingasa pamwamba pa kabwalo, mulowe chapansi pa ngale yolumikiza yotsatira n'kutulukira pamwamba. Teroni mpaka kumapeto. Pobwerera tungani tiwiri, mudutse m'kagolide komwe kaja, tiwirinso, mulowe mu ngale. Kabwalo kalikonse kakhala ndi kamtanda pankhope.

Tsono kuti chigawochi chikhote motsata khosi, yendani m'mphepete mwa pamwamba mukuika kamkanda kamodzi ka 15/0 pakati pa ngale ndi ngale, ndipo m'mphepete mwa pansi muike ka 8/0. Mbali ya tating'ono imafupika, ya tikulutikulu imatalika, chigawo n'kupinda chokha ngati uta. Pa ngale ya pansi ya kabwalo kachisanu ndi chitatu mukhoza kulendeweza kristalo kapena ngale yaikulu: tungani timikanda titatu, ngaleyo, kamkanda kamodzi kotsekera, mubwerere mu ngale, titatu tina, mulowenso pamene munachoka. Kwa atsikana operekeza mkwatibwi cholendewerachi chisiyeni, chikhale cha mwini tsiku yekha.

Kulumikiza ndi kutseka

Ulusi wa kumapeto kwa chingwe utulukire m'kamkanda kamodzi ka pamwamba. Tungani ngale imodzi ndi timikanda titatu ta 11/0, mudutse mu ngale ya kumapeto kwa chigawo cha pachifuwa, titatu tina, mubwerere mu ngale yoyamba ija, mutsikire m'kamkanda ka mbali ina ya chingwe. Bwerezani njira yomweyi mpaka timikanda tonse tinayi ta pakamwa pa chingwe talandirapo ulusi. Mukangomangirira pa kamodzi, chingwe chimapendama ndipo kulemera konse kumagwera pa ulusi umodzi.

Chokolowekera ndicho chimayamba kutha. Chisokereni ndi ulusi wakewake, osati wotsala polukira chingwe, kuti chikadzaduka mudzangosintha icho chokha chingwe chisanakhudzidwe. Dutsani katatu kapena kanayi m'kamphete kake kudzera pa kalupu ka timikanda tisanu kapena tisanu ndi tiwiri. Zitsulo zongopaka golide zimada msanga ndi chinyezi cha kunyanja ndipo ena zimawatulutsa zidzolo. Ngati simunapeze chachitsulo chosachita dzimbiri, lukani chanu: mbali ina ngale ya mamilimita 8, mbali ina lupu la timikanda loti ngaleyo izidutsa mothina pang'ono. Lupulo muliyese pa ngale musanabwereze ulusi, chifukwa limachepa mukadutsamo kachitatu.

Mukamaliza, gwirani mkanda mbali zonse ziwiri muugwedeze mwamphamvu, muyendetse chala ponseponse kufufuza nsonga za ulusi zobaya, kenaka muuvale nokha kwa ola limodzi mukugwira ntchito zina. Chigawo cha pachifuwa chikamatembenuka kuonetsa kumsana, ndiye kuti zingwe zalumikizidwa zitapotoka. Masulani mbali imodzi, muugoneke patebulo uwongoke, mulumikizenso.

Ngati mwalandira oda ya gulu lonse, gulani timikanda tonse nthawi imodzi, chifukwa paketi ina ya mtundu womwewo ikhoza kusiyana pang'ono, ndipo atsikana akaima pamzere kusiyanako kumaoneka pa zithunzi. Lukani umodzi wathunthu kaye, muwerenge maola amene watenga, ndiye mutchule mtengo ndi tsiku lotha. Popereka, uzani mwini wake kuti ayambe wadzola mafuta ndi perefyumu, ziume, mkanda ubwere pomaliza. Mwambo ukatha aupukute ndi kansalu konyowa pang'ono, auumitse pamthunzi, ausunge chogoneka m'kathumba kakekake. Kuupachika pa msomali kumatamula ulusi pa malo olumikizira aja.